GALU WACHIZUNGU NDI GALU WACHIKUDA: WABWINO NDI UTI?

Pa ziŵeto zonse zimene munthu amasunga pakhomo pake, palibe chimene chakhala naye nthaŵi yaitali kuposa galu. Mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku zinabwera pambuyo, anthu atayamba kulima ndi kukhazikika m'midzi, koma galu anayamba kutsata munthu pamene munthuyo anali akadali mlenje woyendayenda. Ngakhale zili choncho, galu ndiye chiŵeto chimene ambiri a ife timachidziŵa pang'ono. Mlimi angathe kukufotokozerani kusiyana kwa chimanga cha makolo ndi cha haibridi, kapena kwa nkhuku yachikuda ndi ya Mikolongwe, koma mukamfunsa chimene chimasiyanitsa galu wa mtundu ndi galu wamba, yankho lake silipitirira pa kukula kwa thupi ndi kuima kwa makutu.

Kusadziŵa kumeneku kuli ndi mtengo wake. M'mphepete mwa misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre mumaima anyamata atanyamula tiana ta agalu, ndipo aliyense amalumbira kuti kakeko ndi ka German Shepherd kenikeni. Anthu amapereka ndalama zambiri, kenaka pakapita miyezi isanu ndi umodzi n'kuzindikira kuti akuŵeta galu wofanana ndi amene anamsiya kwawo kumudzi. Enanso, makamaka achinyamata amene angomaliza sukulu, akulingalira zoyamba kuŵeta agalu ogulitsa, popeza kuopa akuba kwachititsa mabanja ambiri kufuna mlonda wa miyendo inayi. Pajatu safunsa anadya phula. Tiyeni tsono, aŵerengi, tifunse: kodi mtundu wa galu n'chiyani, umapangidwa bwanji, ndipo galu wabwino kwa ife ndi uti?

Kholo lawo ndi limodzi

Akatswiri a sayansi amagwirizana kuti agalu onse a pa dziko lapansi, kuyambira ka Chihuahua kamene kamakwana m'chipeŵa kufikira Great Dane amene msinkhu wake umafanana ndi wa mwana wa ng'ombe, anachokera ku chilombo cha m'maiko a kumpoto chimene Angerezi amachitcha wolf. Omasulira Baibulo anachipatsa dzina lakuti mmbulu, koma tisachisokoneze ndi mmbulu wamaŵangamaŵanga wa m'nkhalango zathu, pakuti umenewo ndi nyama ina ndithu, ndipo suswana ndi galu. Mu 1914 anthu okumba miyala ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anapeza manda mmene munaikidwa mwamuna, mkazi ndi galu pamodzi. Mafupawo atapimidwa anapezeka kuti ndi a zaka pafupifupi 14,000 zapitazo. Munthu asanadziŵe khasu, anali atamdziŵa kale galu, mpaka kumuika m'manda monga mbale wake.

Mu Africa galu analoŵera cha kumpoto, ndipo anatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi anthu oŵeta ndi olima. Kummwera kuno anafika ndi anthu osula zitsulo, ndipo mafupa akale kwambiri a galu amene anapezeka ku South Africa ndi a m'zaka za m'ma 500 pambuyo pa kubadwa kwa Khristu. Chotero galu wa kumudzi uja, wa thupi lopepuka, ubweya waufupi, mphuno yosongoka ndi mchira wopindikira kumsana, sanabwere ndi atsamunda ai. Wakhala kuno zaka zoposa 1,000, akutsagana ndi makolo athu ku uzimba, akupirikitsa anyani ndi nguluwe m'minda, ndiponso akuuwa usiku fisi akayandikira khola la mbuzi.

Mitundu inapangidwa ndi anthu

Kwa zaka zikwizikwi anthu ankasankha agalu poona ntchito: uyu ngwaliŵiro, asake akalulu, uyu ngwanzeru, aŵete nkhosa, uyu ngwaukali, alonde pakhomo. Mwa njira imeneyi panabadwa magulu a agalu osiyana maonekedwe, koma mwini galu anali womasuka kukweretsa galu wake kwa wina aliyense wodziŵa ntchito. Zinthu zinasintha ku England m'nthaŵi ya Mfumukazi Victoria. Mu 1859 mumzinda wa Newcastle munachitika chionetsero cha agalu chimene chimatengedwa kukhala choyamba, ndipo kumeneko agalu anaŵeruzidwa poona maonekedwe, osati ntchito. Mu 1873 kunakhazikitsidwa bungwe la Kennel Club, limene chaka chotsatira linasindikiza buku loyamba la maina a agalu ndi makolo awo. Ku America bungwe lotere linayamba mu 1884, ku South Africa mu 1891, ndipo bungwe la maiko ambiri lotchedwa FCI, limene linayamba mu 1911, lero limavomereza mitundu yoposa 350.

Mtundu wa galu, monga mmene mabungweŵa amaunenera, umaima pa mizati iŵiri. Woyamba ndi chikalata chofotokoza mmene galu wa mtunduwo ayenera kuonekera: kutalika kwake, ubweya wake, kaumbidwe ka mutu, kakhalidwe ka makutu ndi kaimidwe ka miyendo. Wachiŵiri ndi buku la mibadwo: atate ake a galuyo, amake, agogo ake ndi makolo ena onse ayenera kukhala olembedwa m'bukumo. Buku likatsekedwa, galu wochokera kunja saloledwanso kuloŵamo, ngakhale atakhala wokongola chotani. Mzati wachiŵiriwu tiukumbukire, chifukwa ndiwo gwero la ubwino ndi mavuto omwe a agalu otereŵa.

Taonani mmene mitundu ina yodziŵika inayambira. Mu 1899 mkulu wina wa asilikali a pa akavalo ku Germany, Max von Stephanitz, anagula galu woŵeta nkhosa amene anamkonda pa chionetsero, namutcha Horand von Grafrath, namulemba kukhala woyamba m'buku la bungwe limene anayambitsa chaka chomwecho. Pafupifupi agalu onse a German Shepherd, amene ena amawatcha Alsatian, ndi zidzukulu za galu mmodzi ameneyo. Louis Dobermann wa m'tauni ya Apolda anali wokhometsa msonkho, ndipo pofuna galu womteteza pa maulendo ake anasakaniza agalu osiyanasiyana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mtundu umene unatulukapo ukutchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi Rhodesian Ridgeback, galu wofiirira wokhala ndi mzere wa ubweya wogonera kumutu pamsana pake. Mzerewo anautengera kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi, amene anaswana ndi agalu obwera ndi Azungu. Mlenje wina, Cornelius van Rooyen, ankasakira agalu otere mikango ku Matabeleland, ndipo chikalata cha maonekedwe awo chinalembedwa ku Bulawayo mu 1922. Galu amene lero amagulidwa ndi ndalama zambiri ku London ndi ku New York ali ndi magazi a galu wachikuda m'thupi mwake. Phunziro lake n'lakuti mitundu imene timaitcha yeniyeni inayamba ndi kusakaniza, ndipo inatchedwa yeniyeni tsiku limene anthu anatseka buku.

Pamenepa tiyenera kusiyanitsa magulu atatu. Loyamba ndi la agalu a mtundu umodzi, olembedwa m'buku. Lachiŵiri ndi la agalu osakaniza, amene makolo awo ndi a mitundu iŵiri kapena yambiri, monga mwana wa Rottweiler ndi Boerboel. Lachitatu ndi la agalu achikuda, amene sanapangidwe ndi bungwe lililonse, koma anaumbidwa ndi nyengo, matenda, chakudya ndi ntchito za m'dziko lawo. Ambiri amaganiza kuti galu wachikuda ndi zotsalira za agalu achizungu amene anasokonekera. Mu 2009 Adam Boyko ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa agalu a m'midzi oposa 300 a ku Egypt, Uganda ndi Namibia. Anapeza kuti ambiri mwa iwo anali mbadwa za mu Africa zokhala ndi chibadwa chawochawo, ndipo kusakanizika kwakukulu ndi agalu a ku Ulaya kunapezeka makamaka m'chigawo chapakati cha Namibia. Ku South Africa agalu otere anapatsidwa dzina lakuti Africanis, ndipo mu 1998 kunayamba bungwe lowateteza.

Mmene chibadwa chimayendera

Kuti timvetse nkhani yonseyi tiyenera kubwerera pang'ono m'kalasi la sayansi. M'selo lililonse la thupi la galu muli timaulusi 78 totchedwa makromozomu, tokhala tiŵiritiŵiri. Munthu ali ndi 46. Theka la timaulusiti galu amalandira kwa atate ake, theka lina kwa amake. Pa timaulusi timeneti ndi pamene pali malangizo a chibadwa otchedwa majini. Aŵa si majini a kwa asing'anga ai, koma ndi tizigawo ta DNA timene timalamula mtundu wa ubweya, kutalika kwa miyendo ndi kagwiridwe ntchito ka ziŵalo. Popeza timaulusi timakhala tiŵiritiŵiri, galu amakhala ndi majini aŵiri pa chinthu chilichonse, limodzi la kuchimuna ndi lina la kuchikazi.

Wansembe wina wa ku Brno, Gregor Mendel, amene anasindikiza zotsatira za ntchito yake ya pa nsawawa mu 1866, ndiye anasonyeza kuti majini ena ngamphamvu ndipo ena ngobisala. Tiyeni titenge chitsanzo cha galu wa Labrador. Jini la ubweya wakuda n'lamphamvu, la ubweya wakhofi n'lobisala. Galu wokhala ndi limodzi lakuda ndi limodzi lakhofi amaoneka wakuda bii, ndipo palibe angadziŵe ndi maso kuti wanyamula lakhofi. Koma agalu aŵiri otere akakwerana, mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi pa inayi wolandira lakhofi kumbali zonse ziŵiri, ndipo ameneyo amabadwa wakhofi, eni ake n'kumadabwa kuti watengera yani.

Matenda ambiri a chibadwa amayenda mwa njira yomweyi. Galu aliyense, monganso munthu aliyense, amanyamula majini angapo oipa amene amangokhala obisala osamdwalitsa. Akakwerana ndi galu wosakhala mbale wake, n'kovuta kuti onse aŵiri apezeke ndi jini loipa lofanana. Koma achibale anatunga majini awo pa chitsime chimodzi, kotero kuti loipa limene lili mwa mlongo likhoza kukhalanso mwa mlongo wake, ndipo aŵiriŵa akakumana mwa mwana, nthenda imaonekera poyera. Makolo athu sanadziŵe za makromozomu, komabe analetsa kotheratu ukwati wa munthu ndi mlongo wake kapena wa kholo ndi mwana wake.

Ubwino ndi mtengo wa buku lotseka

Oŵeta agalu a mtundu anachita zimene makolo analetsa. Pofuna kuti ana onse azibadwa ofanana, ankakweretsa atate ndi mwana wake, mlongo ndi mlongo wake, mpaka maonekedwe ofunikawo atakhazikika. Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo tisaukane. Munthu wogula kamwana ka Labrador weniweni amadziŵiratu kukula kumene kadzafike, ubweya umene kadzakhale nawo ndi ntchito imene kangathe kuphunzira mosavuta. N'chifukwa chake apolisi, asilikali ndi mabungwe ophunzitsa agalu otsogolera anthu osaona amakonda mitundu yodziŵika, pakuti sangathe kutaya zaka ziŵiri akuphunzitsa galu amene sakudziŵa kuti adzakula motani.

Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buku likatsekedwa, agalu onse a mtunduwo amasanduka banja limodzi, ndipo galu wamphongo wopambana pa chionetsero amakwera akazi ambirimbiri, n'kufalitsa majini ake abwino ndi oipa omwe. Mu 2021 akatswiri a pa University of California ku Davis anapima mitundu 227 ya agalu, napeza kuti, poŵerengera pakatikati, chibale cha m'magazi awo chinali pafupifupi 25 pa 100. Mlingo umenewu ndi umene umapezeka mwa mwana wobadwa kwa mlongo ndi mlongo wake wa bere limodzi.

Zotsatira zake zikuoneka. Agalu ambiri a German Shepherd amavutika ndi mfundo za m'chiuno zosaloŵana bwino, kotero kuti akamakula amatsimphina. Agalu a Dalmatian, oyera a madontho akuda aja, ambiri amabadwa ogontha khutu limodzi kapena onse aŵiri, ndipo mtunduwo unakhazikika ndi jini limene limachititsa timiyala m'chikhodzodzo. Bulldog anafupikitsidwa mphuno mpaka amapuma movutikira, ndipo mutu wake unakula kotero kuti kafukufuku wa ku Britain wa mu 2010 anapeza kuti pa mabere 100 alionse, oposa 80 anabadwa mwa opaleshoni. Cavalier King Charles Spaniel amadwala mtima ndiponso nthenda ya m'fupa la msana yochokera ku kuchepa kwa chigaza. Ngakhale Ridgeback wathu uja, kusintha kwa chibadwa kumene kumabweretsa mzere wa pamsana kumayenderanso limodzi ndi kachiboo ka pakhungu kamene ana ena amabadwa nako, kamene nthaŵi zina kamafika ku fupa la msana.

Anthu a kumaiko amene anayambitsa mitunduyi ayamba kudzifunsa mafunso. Mu 2008 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa filimu yotchedwa Pedigree Dogs Exposed, imene inaulula mavutoŵa, ndipo kuyambira mu 2009 Kennel Club inaleka kulemba ana obadwa kwa kholo ndi mwana wake kapena kwa mlongo ndi mlongo wake. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Norway linagamula kuti kuswanitsa agalu a Cavalier n'kuphwanya lamulo loteteza nyama. Mankhwala ake enieni anasonyezedwa kale mu 1973, pamene Robert Schaible wa ku America anakweretsa Dalmatian ndi galu wa mtundu wa Pointer kamodzi kokha, kenaka n'kumabwezera zidzukuluzo kwa a Dalmatian. Anapeza agalu ooneka ngati Dalmatian m'zonse koma opanda vuto la timiyala lija. Komabe panapita zaka 38, mpaka mu 2011, kuti bungwe la ku America livomere kuwalemba onse m'buku lake. Chimene chinachiritsa mtunduwo ndi magazi a kunja omwe eni buku ankawakana.

Kodi wosakaniza ndiye wathanzi nthaŵi zonse?

Pano tisathamange. Mu 2013 akatswiri a ku Davis komweko anaunika mbiri za agalu oposa 27,000 odwala matenda 24 a chibadwa. Matenda 10 anapezeka kwambiri mwa agalu a mtundu umodzi, nthenda imodzi, ya kuduka kwa mtsempha wa m'bondo, inapezeka kwambiri mwa osakaniza, ndipo pa matenda 13 otsalawo panalibe kusiyana. Kusakaniza kumachepetsa ngozi, koma sikuichotsa. Mukakweretsa Labrador wa chiuno choipa ndi German Shepherd wa chiuno choipa, musayembekezere ana a chiuno chabwino.

Alimi akudziŵa kale chinsinsi china cha kusakaniza. Mbewu ya chimanga cha haibridi imabereka bwino chaka choyamba, chifukwa ndi mwana wa makolo aŵiri osiyana, koma mukabzala njere zochokera m'munda womwewo, chaka chachiŵiri chimanga chimatuluka chosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Agalu nawonso ali chimodzimodzi. Ana oyamba a mitundu iŵiri amafananako ndipo kaŵirikaŵiri amakhala amphamvu, koma anawo akakwerana okhaokha, zidzukulu zimabadwa china chachikulu, china chaching'ono, china chaubweya, china chopanda. Mu 1989 Wally Conron wa ku Australia anasakaniza Labrador ndi Poodle pofuna galu wotsogolera mayi wina wosaona amene mwamuna wake ankadwala ndi ubweya wa agalu. Dzina lakuti Labradoodle litatchuka, amalonda anayamba kuswanitsa agalu otere mwachisawawa, ndipo Conron atakalamba ananena poyera kuti amanong'oneza bondo.

Nanga galu wachikuda? Iyeyu anasankhidwa ndi woŵeruza wosalandira chiphuphu, ndiye chilengedwe. Kwa mibadwo yambirimbiri, galu wosapirira kutentha, wosatha kubereka yekha kapena wofooka ndi matenda a nkhupakupa ankafa asanasiye mbewu. Otsalawo ndi opirira, odya pang'ono ndi obereka popanda opaleshoni. Agalu obwera alibe mwayi umenewo. N'zodziŵika kwa madokotala a ziŵeto kuti German Shepherd amadwala koopsa nthenda ya nkhupakupa yotchedwa ehrlichiosis, imene inapha agalu ambiri a asilikali a America pa nkhondo ya ku Vietnam. Koma kupirira kwa galu wachikuda kuli ndi malire. Chiwewe sichimuopa, nthenda yotsegula m'mimba mwa magazi yotchedwa parvo imapha ana ake monga imaphera ena onse, ndipo tiana tambiri ta m'midzi timafa tisanakwanitse chaka chifukwa cha njala ndi njoka za m'mimba.

Pa za khalidwe naponso anthu amayembekezera zambiri kwa mtundu. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya Science, wokhudza agalu oposa 18,000, anapeza kuti mtundu umafotokoza magawo 9 okha pa magawo 100 a kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu mnzake. Chibadwa chili ndi mbali yake, koma dzina la mtundu palokha silikuuzani ngati galu uyu adzakhala wofatsa kapena wolusa. Galu womangidwa pa unyolo usana wonse, womenyedwa ndi wogona ndi njala, amasanduka ngozi kwa ana a pakhomo pomwepo, kaya ndi wachizungu kaya ndi wachikuda.

Kwa ofuna kuŵeta ndi ofuna kugula

Galu wamkazi amafuna mphongo pafupifupi kaŵiri pa chaka, ndipo nyengoyo imatenga milungu iŵiri kapena itatu. Bere lake limatenga masiku pafupifupi 63. Popeza amatulutsa mazira ambiri nthaŵi imodzi, akakwerana ndi amphongo aŵiri m'masiku omwewo akhoza kubereka ana a atate osiyana m'bere limodzi. N'chifukwa chake woŵeta wosamala amatsekera galu wake m'khola lolimba nyengo yonseyo. Koma chikhulupiriro chakuti galu wa mtundu akakwerana kamodzi ndi wachikuda ndiye kuti waonongeka moyo wake wonse n'chabodza. Bere lililonse limayamba mwatsopano, ndipo ana amatengera atate awo okha.

Woŵeta wanzeru sakweretsa galu pa nyengo yake yoyamba, pamene iye mwini akadali mwana. Amadikira kuti thupi likhwime, chaka ndi theka kapena zaka ziŵiri. Samberekanitsa nyengo iliyonse monga makina. Kennel Club ya ku Britain silemba mabere oposa anayi a galu mmodzi. Sakweretsa achibale, ngakhale mphongo yachilendo ikhale kutali ndi yofuna malipiro. Amasankha makolo athanzi ndi a mtima wabwino, ndipo galu wotsimphina, wakhunyu kapena woluma anthu popanda chifukwa amamfula kapena kumtseketsa kwa dokotala. Ana akabadwa amatsegula maso pakapita masiku 10 mpaka 14, amafuna mankhwala a njoka kuyambira pa milungu iŵiri, katemera woyamba pa milungu 6 mpaka 8, ndipo sayenera kuchotsedwa kwa amawo asanakwanitse milungu 8.

Wachinyamata wofuna kuyamba ntchito imeneyi ayambe wakhala pansi ndi pensulo. Galu wamkulu ngati Boerboel akhoza kulemera makilogalamu oposa 60, ndipo sangakhale ndi mkute ndi madeya okha. Amafuna nyama, usipa kapena chakudya chogula tsiku ndi tsiku, kaya ali ndi bere kaya alibe. Onjezeranipo katemera, mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, khola, ndi ndalama ya dokotala tsiku limene kubereka kwavuta. Ogulitsa ambiri amapeza phindu pongodumpha zonsezi, ndipo mtengo wake amalipira ndi galuyo ndi womgulayo.

Kwa ogula langizo ndi limodzi: musagule galu musanaone amake. Pitani kumene anabadwira, muone mmene akukhalira, muone atate ake ngati alipo, ndipo mufunse khadi la katemera losainidwa ndi dokotala kapena mlangizi wa ziŵeto. Tiana ta agalu timafanana kwambiri pa mwezi woyamba. Ngakhale makutu a German Shepherd weniweni amakhala ogwa mpaka atakwanitsa miyezi inayi kapena isanu, kotero kuti maso okha sangakuuzeni zoona. Mchira wodulidwa si umboni wa mtundu, ndi umboni wa mpeni. Ngati wogulitsa akunena kuti galu ngwolembedwa, akuonetseni chikalata cha bungwe limene linamlemba pamodzi ndi maina a makolo ake.

Mdani wosasankha mtundu

Pali chinthu chimodzi choposa zonse zimene tanenazi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limaŵerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga polumidwa ndi galu. Pakati pa omwalirawo pali ana ambiri. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira. Komabe nthendayi imagonja agalu 70 pa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, ndipo kuno kwathu zinaoneka kuti n'zotheka: mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati galuyo apenga. Galu wa ndalama zambiri wosabayidwa ngwoopsa kuposa galu wa kumudzi wobayidwa.

Tsono wabwino ndi uti? Yankho lili pa ntchito imene mukufuna ndi pa thumba lanu. Wofuna galu wa ntchito yapadera, amene ali ndi mpanda, chakudya ndi ndalama ya dokotala, agule wa mtundu kwa woŵeta woona mtima. Koma banja wamba lofuna mlonda wouwa mlendo akafika usiku, woseŵera ndi ana ndi wopirira dzuŵa la mwezi wa Okutobala, silifunika kupita kutali. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Galu wachikuda akadyetsedwa bwino, akabayidwa katemera ndi kuphunzitsidwa akadali wamng'ono, ambiri amene amamnyoza sangamzindikire. Aphunzitsi anzanga a sayansi ndi zaulimi, pophunzitsa za Mendel musathere pa nsawawa za ku Brno. Atumeni ophunzira akaŵerenge mitundu ya ubweya wa tiana ta agalu a kwawo ndi kuyerekeza ndi makolo ake, ndipo akafunsenso ngati agaluwo anabayidwa katemera chaka chino.